Mkuzi wa Mayi Fumiko

Munthu ukamuuza kuti unayenda ulendo wautali kuchoka ku Thamesmead kupita ku Edmonton amakuseka, poti konseko ndi mu London momwemo. Aseke. Ine basi ya ku Joni ndinakwerapo, miyendo n'kutupa ngati mitondo, koma ulendo umene unandikalambitsa ndi uwu wa mumzinda umodzi. Linali Loweruka lina la mwezi wa Novembala, zaka zija ndinkagwira ntchito yosamala okalamba.

Loweruka lililonse m'mawa tinkakumana amayi okhaokha muholo ina pafupi ndi mafulati athu, kuchita majowajowa. Anayambitsa ndi Mwaka, mnzanga wa ku Zambia, mkazi wa pakamwa posatopa. Ena tinali a misana yothyoka ndi kunyamula nkhalamba, ena a shuga, ena ankangothawa kuzizira kwa m'nyumba. Mwaka chisoni analibe. Tinkayamba ndi miyendo, kunyonyomala n'kudzuka, kunyonyomala n'kudzuka, mpaka ntchafu kuyaka moto. Kenako kugona chagada kukoka mimba, kutembenuka chafufumimba kulimbitsa msana, n'kumalizira mikono ndi mabotolo a mkaka odzaza mchenga. Ankati thupi lonse lilawe, pasakhale chiwalo chodya zaulere. Ukangoti upumeko iye ali kale pamutu pako: "Ba Enelesi, mwabwela kugona kuno? Nyamukani, imwe!"

Wamkulu mwa ife tonse anali Mayi Fumiko, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, kathupi kochepa, tsitsi lalitali la imvi zokhazokha. Amuna awo, mzungu wa ntchito za m'sitima za pamadzi, anali atamwalira kalekale. Ife tinkangowatchula kuti agogo a ku Japan, mpaka tsiku lina anatiwongolera. Anati kwawo n'ku Japan inde, koma iwo ndi a mtundu wa Ainu, eni nthaka a chilumba cha kumpoto chotchedwa Hokkaido. "Kusukulu ankatiseka, ndiye ndinaphunzira kutseka pakamwa," anatero. "Ndatseka zaka zambiri. Pano ndatopa." Anatiuza kuti agogo awo anali ndi mphini zakuda kuzungulira milomo, ine n'kuti hii, athunso ku Dedza anali nazo m'masaya! Kuyambira pamenepo majowajowa athu tinkatsekera ndi gule wa kwawo, wa mbalame yaitali miyendo ngati kakowa imene ikuphunzitsa mwana wake kuuluka. Umagwira nsonga za malaya, kutambasula mikono, kupinda maondo, kuzungulira uku ukukupiza. Poonera umati n'zamasewera. Mwaka yemwe anavomera kuti mbalame ija inkamupweteka mapewa kuposa mabotolo ake.

Za mkuzi ndinazidziwa mwangozi. Tsiku lina tikudziwongola awiriawiri ndinawagwira m'chiuno, zala zanga n'kumva chinthu pansi pa malaya. Ine ndi kamwa langali: "Aaa, mayi, pa msinkhu uwu mukadali ndi mikanda? Mukusungira ndani?" Sanaseke. Titaweruka anandiitanira tiyi kwawo, n'kundikhazika pansi.

Anati ndi chingwe choluka ndi ulusi wa zomera zakutchire, chimene mkazi wa kwawo ankapatsidwa akakula. Mbumba iliyonse inali ndi kalukidwe kakekake, kochoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mmene ife Achewa timatsatira bere. Mwamuna saloledwa kuchiona, kaya ndi wako wa m'nyumba, kaya ndi mwana wobereka wekha. Ndipo mkazi akamwalira amapita nacho m'chiuno, chifukwa kumene akupitako amayi ake ndi agogo ake amamuzindikira ndi kalukidweko. Wopita chimanjamanja amangoyendayenda, wopanda womulandira. "Anzanga ambiri sanapatsidwe, mwambo unali ukutha," anatero. "Ine anandimanga mobisa. Mwana wamkazi ndilibe, ndiye chithera pa ine." Dzina la chingwecho m'chilankhulo chawo ananditchulira, koma lilime langa linakana. Ndinkangoti mkuzi, iwo n'kuvomera.

Mwezi wa Novembala uja anapita kukakhala kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Daniel, ku Edmonton, kuti akachitidwe opaleshoni ya m'mimba pachipatala chachikulu cha kumeneko. Kiyi anasiyira ine kuti ndizithirira maluwa. Potsazika anandinong'oneza kuti mkuzi avula, poti kuchipatala amakuvula aliyense, amuna ndi akazi omwe. Anaukulunga m'kansalu n'kuukwirira m'chitini cha mpunga. Anati ndi masiku ochepa chabe, adzauvala akabwera.

Loweruka limenelo foni yanga inalira tili pakati pa kunyonyomala. Mwaka anandiponyera diso, koma nditaona dzina la Daniel ndinatuluka. Mawu ake anali osasa. Anati opaleshoni inayenda bwino, koma matenda alowa m'magazi, ndipo madokotala anena kuti aitane abale. "Sakulankhula zomveka, koma dzina lanu akulitchula bwinobwino. Akuti Enelesi abweretse za mumpunga. Ine sindikumvetsa. Akufuna kudya mpunga?"

Ndinati ayi, achimwene, ine ndamva, ndikubwera.

Mwaka anabalalitsa amayi nthawi yomweyo. Tinathamangira kufulati kwa Mayi Fumiko, ndinapisa dzanja mumpunga mpaka m'chigongono, n'kutulutsa kamtolo kochepa ngati nkhonya, komangidwa bwino m'kansalu kobiriwira. Sindinamasule. Ndinakakulunga m'chitenje changa n'kuika m'chikwama cha majowajowa. Kusamba sitinasambe, kusintha sitinasinthe, tinangolowa m'kagalimoto ka Mwaka, kofiira, kokalamba, kotsokomola pouka.

Njira yachidule yochoka kwathu kupita kumpoto ndi pantoni ya ku Woolwich, imene imaolotsa magalimoto pamtsinje wa Thames kwaulere n'kukutula pafupi ndi msewu waukulu wozungulira kumpoto kwa mzinda. "Tizafika manje manje, iwe," anatero Mwaka. Koma titangodutsa Plumstead tinalowa m'chifunga. Chifunga cha kumtsinje kuja si cha ku Dedza chimene dzuwa likangosuzumira chimabalalika. Chimakhazikika ngati chalipira lendi. Tinalowa pamzere, kumbuyo kwathu kunabwera lole, ina pambali, basi tatsekeredwa. Ndiye kunatulukira bambo wa jekete lachikasu akugogoda mawindo: pantoni yaima, woyendetsa sakuona tsidya. Ndinafunsa kuti iyamba liti. Anakweza mapewa n'kuloza kumwamba.

Mwaka anati tibwerere tikadzere msewu wa pansi pa mtsinje wa ku Blackwall, koma ubwerera bwanji uli pakati pa malole? Pali njira ina ya oyenda pansi yodutsa kunsi kwa madzi pomwepo, ndipo kangapo konse ndinagwira chitseko kuti nditsike. Mwaka ankandikoka mkono. Ati tsidya linalo masitima sakuyenda, akukonza njanji, ndikangotayika m'mabasi. Galimoto ikangooloka ndi kanthawi kochepa. Ndinamumvera.

Kudikira kumapweteka mosiyanasiyana, koma kudikira uku ukudziwa kuti wina akukuitana ndi mpweya wotsiriza, iii, sindikufunira munthu. Dalaivala wa lole ya pambali pathu anatulutsa buledi ndi soseji n'kuyamba kudya pang'onopang'ono, mapazi atasanjika pachiwongolero. Ndinamuda bambo ameneyo, wosalakwa. Kutsogolo kwathu kunali banja la ku Nigeria lopita ku ukwati, amayi atamanga maduku aakulu mpaka kukhudza denga la galimoto, akukalipira mwamuna wawo ngati chifungacho wabweretsa ndiye. Mwaka anatuluka, n'kuyamba kuwongola miyendo atagwira boneti. Munthu ameneyu ngakhale pamaliro angakuchititse majowajowa.

Atabwerera anayang'ana chikwama chimene ndinachikumbatira pamiyendo.

"Koma nikufunse. Iwe uimba kwaya ku chalichi. Manje wanyamula vithumwa?"

"Si chithumwa."

"Nanga ni chani? Ukhulupilila kuti Mulungu azayangana ntambo mu chiuno?"

Ndinapsa mtima. Ndinati iwe Mwaka, za kumwamba sindinapiteko, iwenso sunapiteko. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi uja ali yekha m'dziko la eni, ndipo akuopa kukakhalanso yekha kumene akupita. Ndikanakhala ine ndikufera muno, n'kupempha kuti mundiike mutu utaloza kwathu, ukanayamba wandifunsa mavesi? Mwaka anangoti, "Awe, nakumvela," n'kundipatsa nthochi. Sinalowe.

Dzuwa linali litafika pamutu pamene chifunga chinayamba kung'ambika. Pantoni yoyamba inatenga a patsogolo, yachiwiri inatisiya ife tili pakamwa penipeni pa mlatho, yachitatu ndiyo inatinyamula. Kuoloka kwake n'kwa kanthawi kochepa zedi, kosakwana kuphika tiyi. Ndinatsala pang'ono kulira ndi ukali poona kuchepa kwa madzi amene anatidyera m'mawa wonse.

Tsidya linalo Mwaka anaponda mafuta. Tinadutsa Beckton, tinalowa mumsewu waukulu, tinadutsa Barking. Daniel anaimbanso. Anati amayi atsegula maso, afunsa ngati ndafika. Ndinati muwauze kuti ndaoloka mtsinje, ndili nazo m'manja. Foni isanazizire n'komwe ndinamva fungo la chinthu chopserera, kenako utsi woyera uli tolo kuchoka kuboneti. Mwaka anakhotera kanjira kotulukira ku Ilford, kagalimoto kanatsokomola kawiri n'kuzima.

Apa mpamene panachitika chinthu chimene mpaka lero Mwaka akachikumbuka amagwira kumutu. Panaima kaveni koyera, n'kutsika bambo wina wachikulire wa ovolosi yamafuta, munthu wabwino ndithu, wotumidwa ndi Mulungu. Anasuzumira mu injini, anati madzi aphwa, paipi yang'ambika pang'ono, angathe kumanga kuti tikafike. Chotsekera madzi chinali cha moto, ndiye anayang'ana uku ndi uku kufuna chigamba. Ine ndinali nditatsika, chikwama ndasiya pampando, chitseko chili pululu, nsonga ya chitenje ikuonekera. Bambo uja anangotambasula dzanja n'kukoka. Chitenje chinasomoka, kamtolo kanagubuduka pampando, mfundo ya kansalu ikumasuka.

Sindikudziwa kuti ndinalumpha bwanji. Ndinamukankha pachifuwa, ndinagwera pampando chafufumimba kuphimba kamtolo ndi mimba yanga, uku ndikukuwa m'Chichewa, "Siyani! Tembenukani! Musayang'ane!" Bambo uja anabwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba, nkhope itafiira. Anaganiza kuti ndikumuyesa wakuba. Mwaka anayesa kupepesa, koma ufotokoza chiyani? Kuti m'kansalu muli zimene mwamuna saona? Anatiyang'ana ngati amisala, ananena mawu amene sindingabwereze, n'kukwera kaveni kake. Tinatsala tokha ndi utsi wathu.

"Wapitikisa mechanic, iwe!" Mwaka anali pafupi kulira. "Unali chabe kumuuza bwino bwino!"

"Waona?" ndinafunsa ine. "Mwaka, bambo uja waona?"

"Sanaone kalikonse. Ni matako yako chabe yamene aona."

Tinaseka, kuseka kowawa kotuluka ndi misozi. Mwaka anatsala kudikira odzakoka galimoto. Anandivula nkhawa, anandiveka jekete lake, n'kundiloza kokwerera basi. "Tamanga. Ukabapeza ubauze ati Mwaka akuti pa Saturday osachedwa."

Ku Ilford ndinakwera basi yodzera ku Walthamstow kupita ku Tottenham, poti kuchoka kumeneko Edmonton ndi pafupi. Basi ya Loweruka masana mumaidziwa. Imaima paliponse, aliyense ali ndi majumbo a kumsika, amayi a ngolo za ana akukanganirana malo, wina khadi lake lakana ndipo akutsutsana ndi dalaivala ife tonse tikudikira. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, thukuta la m'mawa litaumira m'thupi, ndikudzinunkhira ndekha. Maloboti onse a msewu umenewo anapangana kuti andionetse kufiira.

Foni inalira tikulowa mu Walthamstow. Ndisanayankhe ndinadziwa.

"Apita," anatero Daniel. "Posachedwapa."

Kwathu uthenga wa maliro sitiulandira ndi kumeza malovu. Ndinalira mokweza, "Mayo ine! Mayi wanga ine!" m'basi ya azungu, manja ali kumutu. Anthu anatembenukira kumawindo, wina anasuntha mpando. Koma gogo wina wa ku Jamaica wa chipewa cha tchalitchi anadzakhala pambali panga, n'kuika dzanja lake pabondo langa osafunsa kanthu. Ndinalira chifukwa cha Mayi Fumiko, ndinaliranso chifukwa anapita akundidikira, akufunsa ngati ndafika. Zimenezi zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe.

Kenako nzeru zinabwerera. Pantchito yanga ndaona imfa zambiri, ndimadziwa zotsatira zake: amakupukuta, amakukulunga, amabwera amuna ndi machira kukutengera kumochale. Akakalowa kumeneko ine wosakhala wachibale ndikawapeza bwanji? Ndinaimbanso. Ndinati achimwene, pepani, musalole kuti awasunthe ndisanafike. Anati anesi anena kuti apatsidwa kanthawi kotsazika, kenako awatenga. Ndinati ndipatseni nesiyo.

Pafoni panabwera mayi wolankhula Chingerezi chaulemu, koma ndinamva mmene lilime linkagwera. Ndinangoyesa mwayi: "Pepani, kodi ndinu a kumudzi?"

"Eee, ndine wa ku Ntcheu. Sisita Mbewe. Inu ndani?"

Abale, Chichewa sichinandikomerepo ngati tsiku limenelo. Ndinawauza zonse, za mkuzi, za amayi awo owadikira, za maso a amuna, Daniel ali chiimire pambali pawo osamva kanthu, amuna a m'basi osamvanso kanthu. Sisita sanandifunse mavesi. Anati, "Ndamva, achemwali. Maliro a mzimayi sanakonzedwe, ndinena kuti tikudikira munthu wamkazi wa kubanja. Koma bedi likufunidwa, ndipo ine ndikaweruka wolowa m'malo mwanga ndi bambo. Thamangani."

Thamangani! Basi inafika ku Tottenham n'kuima, dalaivala n'kuzimitsa injini. Anati onse titsike, msewu wa kutsogolo watsekedwa, kuli mpira. Ndinali nditaiwaliratu kuti Loweruka masana dera limenelo limakhala la anthu a mpira. Nditatsika ndinaona msewu wonse wadzaza amuna, khwimbi, masikafu m'khosi, zitini za mowa m'manja, akuimba, apolisi ali pa akavalo. Chipatala chinali kuseri kwa chigulu chimenecho. Tsiku lonse ndakhala ndikubisa kamtolo kwa mwamuna mmodzimmodzi, ndiye pano amuna a mu London yense andisonkhanira pamsewu umodzi.

Ndinalowa pakhonde la sitolo ina, ndinayang'ana kukhoma, ndinatulutsa kamtolo m'chikwama n'kukalowetsa m'kati mwa malaya, pamimba penipeni, n'kumanga chitenje pamwamba zolimba. Chikwama angachikoke, angachitaye, zilibe kanthu. Ndiye ndinalowa m'chigulumo. Zigongono, mapewa, utsi wa fodya, wina anandithira mowa pamkono, wina anandiimbira nyimbo kumaso. Ine dzanja limodzi pamimba, lina ndikupatula anthu, ndikungoti pepani, pepani. Mwina ankandiyesa woyembekezera, chifukwa ena ankapatuka okha. Nditadutsa bwalo la mpira msewu unayera, ndipo ndinayamba kuthamanga. Mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, chitenje pamwamba pa buluku la majowajowa, kuthamanga mumsewu waukulu wa ku Edmonton. Miyendo imene ndinkaitukwanira Mwaka Loweruka lililonse sinandikane. Chifuwa ndicho chinkayaka, koma sindinaime mpaka pachipata.

Daniel ndinamupeza pakhonde la wodi, atatsamira khoma. Ndinali nditamuonapo kawiri kokha, bambo wamtali wa zaka ngati zanga, maso a amayi ake. Ndinagwada pang'ono n'kumupepesa. Iye maso anali pamimba panga pamene ndinali nditagwira.

"Ndi chimenecho?"

Ndinavomera.

"Ndionetseni."

Ndinati pepani achimwene, sindingathe.

"Mayi anga m'mawa wonse amafunsa za inu," anatero. "Ine ndili pomwepo, ndawagwira dzanja, iwo maso ali kuchitseko. Mawu awo otsiriza sanali dzina langa, anali lanu. Ndiye mukundiuza kuti sindingaone chimene chinawaiwalitsa mwana wawo? Ndine mwana wawo ine. Inu ndinu ndani?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ndine ndani? Mnzawo wa majowajowa, wothirira maluwa. Munthu wafedwa mayi ake lero lomwe, watambasula dzanja, akupempha kanthu kamodzi kokha, ndipo kanthuko kali pamimba panga. Ndikanamasula pomwepo palibe akanandiimba mlandu. Mayi Fumiko sakanadzuka kudzandikalipira. Manja anga anafika pamfundo ya chitenje, zoona, anafika. Koma ndinakumbuka kuti mayi ameneyu anasunga chinthuchi moyo wake wonse, amuna awo anakhala nawo mpaka kufa osachiona, ndiye ine ndichiulule pakhonde la chipatala chifukwa chomvera chisoni?

"Sindine kanthu," ndinatero. "Anangondituma. Ndi za amayi, mwamuna saona. Mundide ine, koma musawade iwo."

Anatembenuka n'kumenya khoma ndi chikhatho. Nthawi yomweyo panatulukira Sisita Mbewe, mayi wonenepa wa yunifolomu yabuluu, thukuta pamphumi. Sanafunse kuti ndine yani, chitenje chinanena. Anauza Daniel mwaulemu kuti tikufuna kuwakonza amayi, adikire panja pang'ono. Kwa ine anangoti, "Lowani msanga, a kumochale akubwera."

Anatseka makatani. Mayi Fumiko anali atachepa kwambiri pabedi lija, tsitsi lawo atalipesera mbali imodzi. Ndinawagwira phazi. Linali litazizira, koma nditalowetsa dzanja kumsana kunali kukadali kofunda, ndipo apo ndinadziwa kuti ndinachedwa pang'ono pokha.

Ntchito yathu yosamala okalamba imatiphunzitsa kuveka munthu pansi pa nsalu osamuvula ulemu. Ndinalowetsa kamtolo kunsi kwa shiti, ndinamasula kansalu ndi zala zokha, maso ali kudenga. Sisita anawatembenuzira kwa iwo, nawonso nkhope atayang'ana kumbali. Mkuziwo unali wautali kuposa mmene ndinkaganizira, wofewa chifukwa cha kukalamba, pena wopyapyala moti ndinaopa kuudula. Ndinauzunguliza m'chiuno mosamala, kupewa bala la opaleshoni. Pofika pomanga ndinaima. Mfundo ya kwawo sindinkaidziwa. Sanandiphunzitse, ine sindinafunse, tonse tinkayesa nthawi ilipo. Ndinamanga ya kwathu, imene timamangira mkuzi wa mwana.

"Mayi," ndinawauza m'Chichewa, poti tsopano chilankhulo chinalibe ntchito, "ndine Enelesi. Ndafika. Pepani ndachedwa, kunali chifunga. Mukawauze amayi anu kuti mfundoyi wamanga ndi mlendo, asakukalipireni inu."

Sisita anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatenga bandeji yaikulu n'kukulunga m'chiuno monse pamwamba pa mkuzi, pansi pa shiti pomwepo, kuti aliyense wodzawagwira pambuyo pake aone ngati ndi za bala, asapeze chifukwa chomasulira.

Nditatuluka ndinapeza Daniel atakhala pansi penipeni pakhonde, miyendo atatambasula, ukali utamuthera. Ndinakhala pambali pake. Ndinamupatsa kansalu kobiriwira kaja, poti iko sikoletsedwa. Anakatembenuza, timbewu ta mpunga tinagwera pabuluku lake. Ndinamuuza zimene mwamuna angamve: kuti ndi chinthu chimene amayi ake anapatsidwa ali mtsikana, ndipo amafuna kupita nacho kuti kumene apitako akawazindikire.

"Sanandiuzepo," anatero.

"Sakanatha."

Kenako anafunsa mofatsa, ngati mwana, "Mungondiuza chimodzi chokha. N'chooneka bwanji? Cha mtundu wanji?"

"Sindikudziwa, achimwene. Nanenso sindinachione."

Anandiyang'ana kufuna kuona ngati ndikunama. "Ndiye palibenso amene adzachione?"

"Alipo," ndinatero. "Agogo anu."

Apo mpamene analira, kulira kwenikweni kumene anakhala akukumeza tsiku lonse, nkhope ataikwirira m'kansalu. Nanenso ndinalira naye. Tinakhala pansi pomwepo mpaka amuna awiri a kumochale atabwera ndi machira, ndipo tinapinda miyendo kuti adutse.